Mphekesera imodzi, mitima itatu: lipoti la mayi woyembekezera m'nyengo ya anamapopa

Lipotili ndi la mayi woyembekezera ndi abale ake awiri omwe ndidawathandiza kuyambira mu Okutobala 2017, ndikugwira ntchito ngati clinical officer, wopima ndi kupereka mankhwala kwa odwala, pachipatala china chaching'ono m'boma la Mulanje. Mayina ndabisa, mudzi wawo sinditchula. Ndikulembera anzanga a m'zipatala za kumidzi, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, chifukwa mphekesera ikabuka ambirife timathamangira funso limodzi lokha: kodi munthuyu akukhulupirira zimenezi kapena ayi? M'banja ili onse atatu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti anamapopa alipo. Koma mmodzi adadzitsekera m'nyumba, wina adatenga chikwanje, wachitatu adayamba kumanga katundu kuti athawitse mwana wake. Adasiyana pa zomwe aliyense ankamva mumtima, ndipo ntchito yanga yambiri idathera pamenepo.

Momwe dera lidalili

Mphekesera idabuka mu Seputembala 2017 ku Mulanje, anthu akuti idalowa kuchokera ku Mozambique, ndipo posakhalitsa idafika ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu a anthu olusa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu yemwe adawotchedwa ku Blantyre. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, boma lidaletsa kuyenda usiku m'madera ena, Pulezidenti Peter Mutharika adayendera maboma okhudzidwa, ndipo apolisi adamanga anthu oposa 100. Kwathuko tidaimitsa sikelo zoyendayenda, ndipo palibe amene ankayerekeza kuyenda ndi stethoscope, kachipangizo komvera kugunda kwa mtima, pakhosi kunja kwa mpanda wa chipatala.

Sikadali koyamba. Pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, pakati pa 1968 ndi 1970, kudamveka zoti magazi a ophedwawo akupita ku South Africa. Kumapeto kwa 2002, njala itangosautsa dziko, kudamveka zoti boma la Bakili Muluzi likusinthanitsa magazi a anthu ndi chakudya cha thandizo, ndipo mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula ku Blantyre, adagendedwa. Ya 2017 nayo idapeza anthu atatopa kale. Njala ya 2016 idasiya anthu 6.5 miliyoni akufuna thandizo la chakudya, mbozi za ntchemberezandonda zidali zitalowa m'chimanga, ndipo mu Ogasiti 2017 dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo nkugweratu. Ku Mulanje ndi ku Phalombe nandolo ndiye ndalama ya feteleza ndi fizi. Anthu ankaona thukuta lawo likudyedwa ndi ena osaoneka nkhope, mphekesera isadabwere nkomwe.

Kubwera koyamba

Mayiyu adali ndi zaka 24, pathupi pachitatu, pa miyezi 7. Adabwera m'mawa ndi mayi ake omubereka, omwe m'lipotili ndiziti agogo. Sadabwerere mankhwala ayi. Amfumu adawatuma kudzatenga kalata yotsimikiza kuti wapopedwa magazi, yoti akapite nayo kupolisi.

Adafotokoza kuti adadzidzimuka pakati pa usiku, adamva fungo longa la mankhwala opopera m'munda, adaona kuwala kudenga, kenako china chake chidamupsinja pachifuwa. Adayesa kukuwa, mawu osatuluka. Adayesa kudzuka, manja ndi miyendo osasuntha. Thupi litamasuka adakuwa, mudzi wonse nkudzuka ndi zidebe ndi malikhweru. Kutacha adamva chizungulire, mtima ukugunda kwambiri, ndipo adapeza kachilonda pamkono.

Pomupima ndidapeza zikhatho ndi mkati mwa zikope zili mbuu, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi, thupi litatentha kufika madigiri 38.1, BP ili bwino, mtima wa mwana ukumveka bwino. Kachilondako kadali pakhungu pamwamba, kutali ndi mtsempha, kooneka kuti udzudzu udaluma iye nkukanda. Buku lake la kuchipatala lidaonetsa kuti kusikelo adapitako kamodzi, pa miyezi 4, SP, mankhwala oteteza amayi apakati ku malungo, adamwa kamodzi komweko, ndipo mapiritsi owonjezera magazi adawasiya chifukwa cha mseru. Nditafunsa za kagonedwe mpomwe zambiri zidaoneka. Kwa milungu pafupifupi itatu amayi ndi ana a m'mudzimo ankagona panja, pabwalo la amfumu, opanda neti, tulo take todukizadukiza. Usiku umenewo msana udamupweteka, adabwerera m'nyumba yekha nkugona chagada. Mwamuna wake adali kumsewu ndi anyamata olondera.

Mantha a mayiyu

Mawu oyamba omwe amabwera pakamwa pa ife ophunzira ndi akuti "zimenezo kulibe". Sindidawanene. Munthu wamantha akamva mawuwa samva kuti ali pabwino, amamva kuti pano palibe womukhulupirira, choncho palibenso womuteteza, ndipo sabweranso. Komanso sindikadavomereza chinthu chomwe sindidachipeze. Ndidayambira pomwe tonse tinkaona chimodzi. Ndidati, "Mayi, zoti magazi anu achepa ndikuvomereza, ndikuziona ndi maso angawa. Tiyeni tifufuze limodzi chawachepetsa."

Atamva zoti tibaya chala, adabisa manja onse m'chitenje nkuyamba kunjenjemera. Agogo adaimirira kuti azipita. Pamenepa mpomwe nkhani yonse ikadathera. Sitidamukakamize, sitidamuwopsezenso kuti mwana afera m'mimba, ngakhale kuti ngoziyo idalipo. Kuwonjezera mantha pa munthu wodzadza kale mantha kumangomuthamangitsa. Namwino yemwe ndidali naye adatenga kasingano katsopano, adatsegula pepala lake iwo akuona, nkudzibaya yekha chala. Kadontho kadatuluka kamodzi. Adati, "Achemwali, magazi ake ndi omwewa basi. Sankhani nokha chala." Tidawauzanso kuti zonse zokhudza magazi akewo zilowa m'bokosi lotayamo masingano, ndipo agogo akhoza kutsatira wantchito wathu kuseri nkuona zikupsa. Agogo adapitadi, adaima pomwepo mpaka moto utazima.

Malungo adapezeka, Hb, muyeso woonetsa kuchuluka kwa magazi m'thupi, idali 7.4. Tidamupatsa mankhwala a malungo a LA, woyamba adamwera pomwepo, mapiritsi owonjezera magazi, mankhwala a njoka za m'mimba a albendazole ndi neti. Ndidalingalira zomutumiza kuchipatala chachikulu cha boma, koma za ambulansi adakaniratu, ndipo m'masiku amenewo ambulansi zinkaimitsidwa m'misewu. Poona kuti sankabanika, miyendo sidatupe, Hb idali isadatsike pansi pa 7, pomwe kuchepa kwa magazi kumafika poopsa kwambiri, ndipo tsiku lochira lidali patali, ndidasankha kumuthandizira kunyumba, azibwera sabata iliyonse, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, yemwe ndi mwana wa komweko, azimuona pakati pa sabata.

Za kupsinjidwa usiku ndidazisiyira kumapeto, mtima utakhala m'malo. Ndidamufotokozera kuti munthu akamalota thupi limadzimanga lokha kuti asamachite zomwe akulotazo, ndipo nthawi zina mutu umadzuka thupi likadali lomangika. Wina amaona kuwala kapena chithunzithunzi cha munthu, wina amamva kulemera pachifuwa. M'mabuku timati sleep paralysis, ndipo imakonda munthu wosowa tulo, wankhawa, wogona chagada. Adamvetsera bwinobwino, kenako adafunsa, "Nanga fungo lija, adokotala?" Ndidamuyankha kuti ena amamvanso fungo, nkusiyira pomwepo. Chomwe ndinkafuna nchakuti abwerenso sabata yamawa, osati andivomereze.

M'kalata ya amfumu ndidalemba zomwe ndidapeza zokha: malungo, kuchepa kwa magazi, palibe chizindikiro cha singano pamtsempha, akulandira thandizo. Mawu akuti hysteria, kutanthauza kuti vuto lili m'maganizo chabe, omwe ankalembedwa kwambiri m'mabuku a odwala masiku amenewo, ndidawapewa dala. Kalata yotere imawerengedwa pabwalo anthu atadzaza, ndipo womasulira amangoti "adokotala akuti ngwabodza". Mayi wochititsidwa manyazi pagulu motero sadzapondanso pachipatala, ndipo abale ake amasanduka adani athu.

Mkwiyo wa mwamuna wake

Patapita masiku ochepa mwamuna wake adatulukira, chikwanje atamangirira panjinga, maso ali psuu ndi tulo. Moni sadapereke. Adati, "Adokotala, akupatsani zingati kuti mulembe zimene zija?" Adatchulanso munthu yemwe ankamuganizira: bambo wina wa m'mudzi woyandikana, wobwera kumene kuchokera ku Joni, yemwe adamanga nyumba ya malata, adaika sola, ndipo ankalandira alendo apanjinga zamoto madzulo.

Mkazi ndi mwamuna ankanena nkhani imodzi, koma matenda awo adali awiri. Wamantha amafuna pobisala, wokwiya amafuna munthu. Mantha a mayi uja ankaika pangozi moyo wake ndi wa mwana, mkwiyo wa bamboyu unkaika pangozi moyo wa wina yemwe sadalowepo nkomwe m'chipinda changa. Ndipo zomwe zidathandiza mkazi sizikadagwira kwa iye. Munthu wokwiya ukamuonetsa zotsatira za magazi, amangoona kuti nawenso uli mbali ya adani.

Ndidamutengera panja pamthunzi, mlonda ali chapatali, kuti asaone ngati ndamutsekera. Za kalata sindidayankhe. Ndidati, "Bambo, akazi anu andiuza mbali yawo. Inu usiku umenewo mudali kuti?" Adayamba mokweza, adamaliza motsitsa. Iye adali mkamwini m'mudzimo. Usiku womwe ankalondera msewu kuti ateteze mudzi wa eni, m'nyumba mwake momwe ndimo mudalowedwa. Kutacha apongozi ake adamunena anthu akumva, kuti mwamuna wanji wosiya mkazi wapakati yekha, mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka. Kuyambira tsiku limenelo sadagone. Ankafuna kugwira munthu ndi manja ake kuti mudzi uone kuti iye si wachabe.

Pansi pa mkwiyowo padali manyazi, ndipo manyazi sachoka ndi umboni. Amachoka munthu akapatsidwa njira ina yobwezera ulemu wake. Ndidamuuza kuti, "Kumsewu kuli anyamata ambirimbiri, koma pakhomo panu palibe ndi mmodzi yemwe. Akazi anu akufuna mlonda wawowawo." Ndidamupatsa ntchito zenizeni: agone m'nyumba chapakhomo, apachike neti, aziwerenga maola a LA, aonetsetse kuti mkazi akugona chammbali, asake usipa, nyemba, bonongwe ndi chisoso, ndipo sabata iliyonse amukweze panjinga kubwera naye kusikelo. Ndidalemba zimenezi papepala lodinda chidindo cha chipatala, kuti akawafunsa anzake chifukwa chomwe wasiyira kulondera akhale ndi chowaonetsa. Pepala limeneli lidagwira ntchito yaikulu. Munthu satuluka m'gulu lolusa popanda chifukwa chomwe gululo lingachilemekeze.

Za bambo woganiziridwa uja ndidalankhula mosapsatira. Ndidamuuza kuti akamugwira apolisi amumanga, ndipo mkazi wake adzachira iye ali m'ndende. Ndidamuuzanso pamaso kuti ndidziwitsa amfumu a mudzi winawo kuti moyo wa munthu wawo uli pachiswe, koma dzina la wondiuza sinditchula. Apa anzanga ena angatsutse, poti zolankhulidwa kuchipatala nzachinsinsi. Ine ndimati chinsinsi chimathera pomwe moyo wa wina wayamba kuopsezedwa. Chomwe sindikadachita ndi kumuzembera. M'nyengo yomwe aliyense akukhulupirira kuti achipatala amachita zinthu mseri, kachinthu kamodzi kochitidwa mobisa kakaululika kamatsimikizira mphekesera yonse. Adakwiya, adakwera njinga osatsanzika. Koma sabata yotsatira adabwera atakweza mkazi wake.

Chisoni cha agogo

Agogo ndiwo adativuta kuposa onse, ngakhale sadakwezepo mawu. Mlangizi wa zaumoyo ndiye adatitsina khutu kuti akukonza zowolotsa mwana wawo malire a Muloza kupita kwa abale ku Milange, ku Mozambique, kuti akachirire kunyumba, kutali ndi masingano. Ndi Hb yotsika chonchija, kutaya magazi pang'ono chabe pochira kukadamutenga.

Namwino uja ndiye adakhala nawo pansi, amayi okhaokha. Zidadziwika kuti zaka zingapo m'mbuyomo agogowa adataya mwana wawo wamkazi woyamba, yemwe adamwalira pochira pachipatala china. Adawatulutsa panja, adadikira usiku wonse, m'mawa adangowauza kuti zalephereka. Thupi adalilandira litayera mbuu. Palibe adawafotokozera chomwe chidachitika. Kwa zaka zonsezo adasunga funso lakuti magazi a mwana wawo adapita kuti, ndipo mphekesera ya 2017 ndiyo idakhala yoyamba kuwapatsa yankho.

Namwino adawafunsa zomwe adaona tsikulo, nsalu zomwe adawatuma kukachapa, nthawi yomwe mwana adabadwa. Kenako adawafotokozera za kutaya magazi kwambiri mayi akangochira, momwe chiberekero chimalepherera kukhwimba, ndi momwe mayi wochepa kale magazi amathera msanga. Adawauza poyera kuti fayilo ya malemuyo sadaione, koma zomwe akufotokozazo zikufanana ndi vutoli, ndipo kusauzidwa chilichonse kudali kuwalakwira. Agogo adalira nthawi yaitali. Zoti anamapopa kulibe sadavomere, ndipo sitidawafunsenso. Tidagwirizana chimodzi: mwana wawo akadikirira kuchipatala chachikulu, iwo adzakhala omudikirira, ndipo ndidalemba m'buku mwake kupempha azamba a kumeneko kuti aziwafotokozera chilichonse chomwe akuchita.

Nkhani ya agogowa imandiwawa mpaka lero, chifukwa imaloza kwa ife. Tikamatulutsa abale panja osawauza kanthu, tikamapereka thupi opanda mawu, funso lomwe tasiya limakhala m'banjamo zaka, kudikira woliyankha. Pamzere wautali mphindi zisanu zofotokozera zimaoneka zodula, koma ndaona mtengo wake zikasowa.

Usiku wa chipwirikiti ndi zotsatira

Chakumapeto kwa Okutobala gulu la anyamata lidapita kunyumba ya bambo wa ku Joni uja. Adapeza atachoka kale ndi banja lake, amfumu awo atawalangiza. Adaswa mawindo ndi sola, adatenga katundu wina, ndipo apolisi adamanga angapo. Mwamuna wa wodwala wanga adali kunyumba usiku umenewo. Sizidamuyendere mophweka: anzake adayamba kumunena kuti wagulidwa ndi achipatala, ndipo kwa kanthawi adaleka kupita kumsika.

Sindikunena kuti kucheza kwathu pamthunzi kukadaimitsa gululo. Munthu wokwiya amamva akakhala yekha. Akakhala pagulu, ena akuwomba malikhweru, mkwiyo wake si wakenso, ndipo pamenepo ntchito ndi ya amfumu ndi apolisi. Mwayi wathu ife a zaumoyo ndi woti anthu amatipeza mmodzimmodzi, masana, asadakumane ndi anzawo.

Ndionjezepo za mitima yathu ifeyo. Masiku amenewo pachipatala tidali ndi mantha, ndipo mantha athu ankatuluka ngati chipongwe. Mawu akuti umbuli ankamveka tsiku lililonse m'chipinda chomwera tiyi, ndipo wodwala amalimva liwu limeneli ngakhale usadalitchule. Tidayamba kukumana m'mawa uliwonse tisadatsegule, kuuzana zomwe zamveka m'midzi usikuwo ndi yemwe akuopa kuyenda yekha. Zidatithandiza kulowa m'chipinda chopimira titatula zathu.

Mayiyu malungo adatha. Kupsinjidwa usiku kudamuchitikiranso kamodzi, koma adati adakumbukira zomwe tidakamba, adadikira thupi limasuke, nkudzutsa mwamuna wake m'malo mokuwa. Patatha milungu inayi Hb idafika 9.1, ndipo pomutumiza kuchidikiro idali 10.2. Adachira mu Disembala, mwana wamkazi wolemera makilogalamu 2.7, osataya magazi ambiri, agogo ali pomwepo. Pa sikelo ya milungu 6 mwamuna wake adabwera nawo, ndipo nditamufunsa za anamapopa adati, "Alipo, adokotala, kungoti kwathu sadabwerenso."

Mphekeserayi idamvekanso mu 2020, makamaka kumpoto, ndipo katemera wa Covid-19 atafika mu Malichi 2021 kudabuka zina. Mlangizi wa m'deralo adandiuza kuti mayiyu sadaphonyepo katemera wa ana ake. Mwamuna wake adakana katemera wa Covid-19, koma mkazi atafuna kubayitsa sadamuletse. Agogo amabwera kuchipatala akadwala, ngakhale magazi salola kuyezetsa.

Bambo woganiziridwa uja sadabwererenso kumudzi kwawo. Nyumba yake adaigulitsa motchipa, ana ake adasiya sukulu chaka chimenecho, ndipo mlandu wa katundu wake sudafike patali. Sadali wodwala wathu, choncho palibe buku lililonse la kuchipatala momwe dzina lake lidalembedwa, ndipo mphekesera itazilala palibe wa ife kapena wa m'mudzimo amene adamufunafuna kuti amve momwe akukhalira.